Ku Venice Mpando Saukhalira Ulele

Mlendo mumzinda wa Venice ku Italy amadziwika ndi khosi. Maso ali m'mwamba kuona matchalitchi, sutikesi ikugogoda pamasitepe a milatho yoposa 400, uku wamalonda wamuwerengera kale ndalama za m'thumba.

Mwini mudzi amamwa khofi chiimirire pakauntala: kakapu kakang'ono, kumeza kawiri, kusiya timakobiri, wapita. Mlendo ati ine sindinakwere ndege kudzaimirira. Akakhala pabwalo la San Marco, pa Caffè Florian, pomwe akhala akuphika khofi chiyambire 1720. Woperekera zakumwa wavala jekete yoyera, oimba akuliza mavayolini, bwana wathu akugwedeza mutu ngati nyimboyo amaidziwa. Bilu ikabwera, apeza kuti nyimbo ija nayonso ili ndi mzere wake. M'malesitilanti mulinso kanthu kotchedwa coperto, ndalama ya malo amene mwakhalapo, ndipo imayamba kuwerengedwa musanalawe ndi mchere womwe. Werengani pansi penipeni pa menyu, pamene alemba timalemba tofuna mandala.

Kumsika wa Rialto lawirirani m'mamawa, ndipo nsomba musakazifune Lamlungu kapena Lolemba. Chachikulu n'chakuti manja akhale kumbuyo. Ife tinazolowera kufinya tomato mmodzimmodzi tisanagule, koma kumeneko mukangomukhudza, mayi wogulitsa amakuyang'anani ngati mwamutsinira mwana. Lozani ndi chala, asankhe okha. Kunenerera mtengo nakonso sakudziwa, za basela ndiye musayambe n'komwe.

Tsopano magalasi. Mu 1291 akuluakulu a mzindawu, poopa moto, anasamutsira ng'anjo za oumba galasi pachilumba cha Murano, ndipo mpaka lero amisiri akuuzira galasi kumeneko. Vuto n'lakuti sitolo iliyonse ya m'mbali mwa msewu imalumbira kuti katundu wake ndi wa ku Murano. Kahatchi kagalasi kotsika mtengo, kokhala ndi abale ake mazanamazana pashelefu, kawirikawiri kanayenda ulendo wautali kuposa wanu kuti kafike pamenepo. Funani chizindikiro cholembedwa Vetro Artistico Murano, tengani lisiti, ndipo mtengo ukakupwetekani pamtima, mwina mwagwira chenicheni.

Zikwama za mayina otchuka zoyalidwa pansalu m'njira zisiyeni. Ku Italy wogula katundu wachinyengo naye amalipitsidwa chindapusa. Apolisi akatulukira, wogulitsa amakulunga nsalu yake n'kuzimirira m'kanjira, inu n'kutsala mutakumbatira umboni.

Nanga bwato lotchuka lija, gondola? Theka la ola masana ndi mayuro 90. Amene akuudziwa mzindawu amapita pokwerera traghetto, bwato lofanana nalo loolotsa anthu pangalande yaikulu ya Grand Canal, pomwe mlendo amalipira mayuro 2 okha. Ulendo wake ndi wa mphindi zochepa, eni mudzi ena amaoloka ataimirira ndi majumbo awo a ndiwo, ndipo opalasa alibe nthawi yokuimbirani. Jambulani msanga, achibale pa WhatsApp sadzafunsa kuti linali liti.