Sipanala Yapachala Njamphepo

Makolo athu, amene mthuthuthu sanauonepo, anasiya mawu oti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankanena za fodya wofwenkha. Wamutsina bwinobwino, mphuno yayamba kale kunyerenyetsa, kenako kamphepo ka mu Ogasiti kangoti fyuu, watsala ukununkhiza chala. Agogo amenewo akanapatsidwa njinga yamoto yoyenda m'tinjira ta m'tchire, mwambiwu sakanausintha. Akanangochotsapo fodya n'kuikapo sipanala.

Njingazi timazidziwa. Yamaha AG200, imene anaipangira alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand, kuno inadzapeza ntchito yonyamula alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo. Pali ma DT125, pali ma Honda XL ndi XR. Anyamata ndi atsikana a Riders for Health amathamanga pa njinga zoterezi ndi magazi okayezetsa, kuchokera ku zipatala za kumudzi kupita ku malabotale a paboma. Palinso a m'tauni amene amazikwera Loweruka kukasaka matope mwadala, poti ena matope amachita kuwagulira petulo. Koma njinga ikangozimira pakati pa msewu wa Golodi, Chitimba ili pansi uko, Livingstonia ili m'mwamba, onsewa amafanana. Amatsika, kuizungulira kawiri, kumenya tayala ndi nsapato ngati tayalalo likudziwapo kanthu, kenako amayamba kusisita matumba.

Apa ndi pamene mumamva macheza odziwika aja.

“Achimwene, mungakhale ndi sipanala ya 12?”

“Ndili nayo, madala. Yabwino kwambiri, ya ku Germany.”

“Tabwera nayoni.”

“Ili kunyumba.”

Sipanala ya ku Germany imene ili m'kabati ku Area 25 si yanu ayi. Ndi ya mkazi wanu, amene panopa akukhomera msomali wa kalendala. Komabe munthu woiwala zida kunyumba ali bwino, madzulo akazipeza. Womvetsa chisoni ndi amene anazikulunga mu jumbo n'kuzimangirira pakeliyala ndi mphira ya chubu chakale. Mphira ija ili ndi ulemu wake, yanyamula mbuzi ndi matumba a makala dziko lonse lino, koma chitsulo chimaterera. Bampu iliyonse jumbo imang'ambika pang'ono, ndipo zida zimatsika imodziimodzi popanda kutsanzika. Ana a m'midzi ya m'mbali mwa msewu amaitola mphatsoyo mwaulemu. Mukadzaona galimoto yamawaya yopindidwa mwaluso kwambiri, dziwani kuti pulayazi ya munthu wina inapeza ntchito.

Ena poopa zimenezi amanyamula galaja yonse. Amagula bokosi lonyezimira la masipanala kuyambira 6 mpaka 32, ndiye njinga imakwera phiri ikubuula. Chonsecho njinga za ku Japan zili ndi manambala ake ochepa: 8, 10, 12, 14 ndi 17, kuphatikizapo nati yaikulu ya pa ekiselo ya tayala, imene pa njinga ina ndi 19, pa ina 22 kapena 24. Sipanala ya 13 ndi ya 15 zimangokwera ulere, pokhapokha ngati makaniko wina anaikapo bawuti ya wilibala. Shifitingi nayonso musaikhulupirire kwambiri. Imalonjeza kugwira nati iliyonse, koma ikakumana ndi yolimba imaidya m'makona mpaka kukhala yobulungira, ndipo ikatero ngakhale sipanala yoyenera imangozungulira ngati ikuvina.

Njira yosankhira ndi yotsika mtengo moti ogulitsa zida saikonda. Tsiku lina muli pakhomo, yalani chiguduli pambali pa njinga. Chotsani matayala onse awiri, kungani tcheni, masulani pulagi, tsukani sefa ya mpweya, sinthani kebulo ya kilatchi. Chida chilichonse chimene mwachigwira chiikeni pachiguduli. Mukamaliza, zimene zili pachigudulipo ndiye zida za pa ulendo, zotsalazo zibwerere m'kabati. Pamenepo mudzazindikira kuti sipanala ya pulagi ya mnzanu silowa pa yanu, chifukwa mapulagi ena ndi a 16, ena a 18, ena a 21. Mudzaonanso kadontho pamutu pa tizomangira tina ta mtanda. Kadonthoko kamatanthauza muyeso wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo sikuludilaiva wamba wa Phillips amangoterereka n'kukumba dzenje pamutupo. Anthu ambiri atukwana kabuleta wosalakwa chifukwa cha kadontho kameneka.

Koma mdani wamkulu wa m'tchire ndi munga ndi msomali, choncho zida za tayala ndi zofunika kuziganizira mofatsa. Zitsulo zokanulira tayala zikhale ziwiri kapena zitatu, zenizeni zosalala kunsonga. Wokanula ndi sikuludilaiva amamata bowo limodzi n'kuboola awiri. Zigamba zikhalepo, ndipo guluu wake muzimufinya nthawi ndi nthawi, chifukwa kachubu kamene kanatsegulidwa chaka chatha kamaoneka konenepa koma mkati muli mpweya wokhawokha. Guluu ameneyo ndiye fodya wapachala weniweni: munali naye, mukumuona, koma anapita kale. Pampu ya njinga yakapalasa imakwanira, imangofuna thukuta. Timabotolo ta mpweya wopopera tayala tija n'tabwino pa bowo loyamba, lachiwiri likabwera mumatsala ndi zitsulo zopanda kanthu. Ambiri mwa matayala a njingazi ndi mainchesi 21 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Ngati malo ndi a chubu chimodzi chokha, tengani cha 21. Chimenecho mukhoza kuchikakamiza kulowa kumbuyo n'kukufikitsani pa sitolo yapafupi, pamene cha 18 kutsogolo chimachita makani.

Tina ndi tating'ono totha kulowa m'thumba. Kolumikizira tcheni kakhale ka nambala ya tcheni chanu, 428 kapena 520, imene inadindidwa pa tcheni pomwepo. Fyuzi, waya wofewa, tizingwe tapulasitiki tomangira tija, pulagi yatsopano, mabawuti angapo. Kebulo ya kilatchi yapadera anthu odziwa amaimangiriratu pambali pa inzake, kuti ikaduka angolumikiza nsonga. Tochi ikhale yakeyake, poti foni imakonda kufa limodzi ndi dzuwa.

Chikwama chimagulidwa pomaliza, mulu wa pachiguduli uja utaoneka kukula kwake. Wogula chikwama poyamba amachidzaza basi, munthu sapirira thumba lopanda kanthu. Chakumsana chisiyireni jekete ndi botolo la madzi. Pa njinga za m'tchire kugwa ndi mbali ya ulendo, ndipo kugwera chagada pa sipanala ya 17 kumasiya siginecha pamsana. Kachikwama ka pa madigadi akutsogolo kamayenera chubu chokha, mukaikamo zitsulo pulasitiki ija imathyoka. Malo abwino ndi kumbuyo kwa mpando kapena pakeliyala, chomangidwa ndi malamba odutsa pa chitsulo cha njinga, kutali ndi ekizozi. Ekizozi ikapsompsona chikwama cha nayiloni imasiya khomo lotulukira zonse.

Zipi ndimaikayikira. Fumbi la mu Okutobala limalowa m'mano mwake, matope a mu Januwale n'kudzamata, ndiye imakana kutseguka tsiku limene mukuifuna, kapena imatseguka yokha tsiku limene simukuyang'ana. Ine ndimavotera nsalu yokhuthala yokulunga, ya timatumba, chida chilichonse ndi chipinda chake. Telala wa pakhonde amaisoka ndi tenti yakale kapena jinzi yotha. Ubwino wake ndi woti mukamaliza ntchito m'mbali mwa msewu, kathumba kopanda kanthu kamakuuzani kuti wina watsalira mu udzu. Zitsulo zipakeni kaoilo kuti zisachite dzimbiri, zikulungeni zolimba kuti zisamalire ngwerengwere, chifukwa chitsulo chogwedera chimaboola nsalu pang'onopang'ono.

Yatsala mphepo imodzi imene lamba sangaithe, ya miyendo iwiri. Imabwera ikumwetulira: “Bwana, tandibwerekani ya 10, ndibweza pompano.” Sipanala ya 10 ndi imene imagwira ntchito kwambiri pa njinga, ndiponso ndi imene ili ndi abale ambiri. Kumana mnzako pamsewu n'kosayenera, mawa ndiwe. Ndiye bwereketsani, koma mupite nayo limodzi, mukhale pambali, muzicheza za mitengo ya feteleza maso ali pa dzanja lake. Ena amapaka zida zawo penti yofiira kuti zizidziwika. Zimathandizadi: pakatha mwezi mumaizindikira mosavuta m'manja mwa makaniko wa pamsika, amene amakuuzani kuti nayenso penti yofiira amaikonda kuyambira ali mwana.