Pusi wa masiku ano ali ndi Google Maps

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusi wa masiku ano sakweranso mumtengo. Amakhala pa sofa, foni ili m'manja, n'kumakonza ulendo wa pa galimoto wokaona zigwa zotchuka za ku Arizona ndi Utah, m'dziko la America.

Poyamba amati akaona Grand Canyon basi. Chigwa chimenechi, chomwe mtsinje wa Colorado wakhala ukukumba kwa zaka mamiliyoni, n'chotalika makilomita 446 ndipo kuya kwake kumaposa kilomita imodzi ndi theka. Wanzeru akanati apa pandikwanira. Koma pusi waona kuti paki ya Zion ili pafupi. Chakoma! Bryce Canyon nayonso si patali. Chakoma! Posakhalitsa Capitol Reef, Arches ndi Canyonlands zalowa pa ndandanda, pamene tchuthi chake ndi cha sabata imodzi yokha.

Vuto la mapu a pafoni ndi loti chala chimodzi chimaphimba chipululu chonse. Khwangwala akanyamuka ku South Rim kupita tsidya lina la Grand Canyon, ku North Rim, amauluka makilomita pafupifupi 16. Koma galimoto ilibe mapiko: imazungulira makilomita oposa 300, ulendo wa maola anayi kapena asanu. Pusi akafika m'nyengo yozizira apeza msewu wa ku North Rim uli wotseka chifukwa cha chipale chofewa.

Ku Zion nako kuli malodza. Mkulu uja wabwereka galimoto yonyezimira ku Las Vegas kuti azikajambulitsa atatsamira pa boneti. Akufika, akumuuza kuti miyezi yambiri ya chaka magalimoto a alendo saloledwa kulowa m'kati mwa chigwa. Aisiye, akwere basi. Ndiye uyo ali pamzere ngati wabwera kudzagayitsa chimanga. Akati akwere thanthwe la Angels Landing, akumufunsa chilolezo, pakuti kuyambira 2022 malo okwerera kumeneko amachitira maere. Iye maerewo akuwamvera pomwepo.

Ngakhale nthawi nayonso imamupandukira. M'nyengo yotentha anthu a ku Utah amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi, a ku Arizona sasuntha, koma a mtundu wa Navajo, omwe dera lawo lalikulu lili mu Arizona momwemo, amasuntha. Kufupi ndi tauni ya Page, foni imangosinthasintha maganizo. Pusi wapangana ndi munthu woti akamuonetse Antelope Canyon, poti kumeneko sulowa popanda wokutsogolera wololedwa ndi a Navajo, koma sakudziwa ngati wachedwa kapena walawirira.

Atamva zoti akupita kuchipululu, analongedza makabudula okhaokha. Bryce Canyon ili pamtunda woposa mamita 2,400, ndipo m'mamawa kumazizira moti mano amaombana. Ku Grand Canyon ankaopa njoka ndi zinkhanira, koma womuluma chala ndi gologolo yemwe ankamupatsa bisiketi, ngakhale zikwangwani zikuletsa kudyetsa nyama.

Pobwera, foni yadzaza ndi zithunzi za miyala yofiira. Mumufunse kuti mwala uwu ndi wa ku Arches kapena Canyonlands, ayamba kukanda m'mutu. Chimene akukumbukira bwino ndi mtengo wa petulo, kupweteka kwa msana ndi nambala ya lole yomwe anaitsata masana onse. Wayenda mapaki asanu ndi imodzi, koma wawaonera pa windo.

Choncho inu amene mukukonza ulendo wotere, chepetsani dyera. Sankhani mapaki awiri, sungitsani malo ogona kudakali miyezi ingapo, fufuzani za zilolezo musananyamuke, nyamulani madzi ambiri ndi jekete. Tsiku limodzi musaliikire pulogalamu iliyonse, mukangokhala pansi n'kuyang'ana. Mapaki enawo akhalapo kuyambira kalekale ndipo sakusamuka. Mudzawaona ulendo wina.