Kusamba M'nkhalango, Sopo Asiyeni

Uthenga unalowa pa gulu la WhatsApp Lachitatu madzulo: Loweruka tonse ku Zomba, tikasambe m'nkhalango. Pofika m'mawa nkhani inali itadumpha kale mpanda. Ku Chilomoni munthu wamkulu akati akukasamba kutchire, aneba safunsa kawiri. Amadziwa kuti alipo sing'anga amene walamula, ndipo kuntchito kuli mpando umene ukulimbiranidwa. Mayi wina anangogwira pakamwa nati, "N'chifukwa chake galimoto ija inangobwera mwadzidzidzi."

Chonsecho kusamba kumeneku n'kwa ku Japan ndipo sikufuna madzi. Kumeneko amati shinrin-yoku. Dzinali linabadwa mu 1982, pamene Tomohide Akiyama, mkulu wa nthambi ya boma yoona za nkhalango, ankakopa anthu a m'mizinda otopa ndi ntchito kuti azikapuma pakati pa mitengo. Nkhalango ya Akasawa ku Nagano, ya mitengo yonunkhira ya hinoki, ndiyo inayamba kutchuka nazo. Malamulo ake ndi ochepa: yenda pang'onopang'ono, kokera mpweya, mvetsera mbalame, gwira khungwa la mtengo, tseka foni ndi pakamwa. Patapita zaka, Dr Qing Li wa ku Nippon Medical School ku Tokyo anapeza kuti anthu akatha masiku angapo m'nkhalango, maselo ena olimbana ndi matenda m'thupi amawonjezera mphamvu. Ofufuza ena anaona kuti BP imatsikako.

Mawu oti BP ndiwo anadzaza magalimoto atatu.

Anafika pamwamba pa phiri la Zomba cha m'ma 10 koloko, ngakhale anapangana 7. Aliyense anali mu nsapato zoyera za pa kaunjika zochapidwa dzulo lake. M'buti munatuluka cooler box, mbaula yowotchera nyama ndi sipika yaikulu ngati mwana wa Sitandade 3. Bambo wina, amene uthenga anangowerenga mzere woyamba, anatsika ndi thaulo paphewa, sopo ali m'jumbo, n'kufunsa njira ya ku Williams Falls.

"Amalume, sopo asiyeni," anatero mtsikana wotsogolera gulu, amene nkhaniyi anaiphunzira pa intaneti. "Tisamba ndi maso ndi mphuno basi. Kwa ola limodzi palibe woyankhula."

Chete anatha mphindi zinayi. Anamuphwanya ndi ulemu, chifukwa panjirapo panatulukira mayi atasenza mtolo wa nkhuni, ndipo mwana woleredwa bwino sangadutse munthu ngati chitsa. Anamupatsa moni mmodzimmodzi, anthu khumi ndi anayi, aliyense kufunsa za kunyumba. Mayiyo anayankha onse, khosi litauma ndi katundu. Kenako anawayang'ana mmene ankayendera, mwakachetechete, maso uku ndi uku, wina akununkhiza tsamba.

"Pepani bwana, mwataya chiyani? Mwina tikuthandizeni kufuna."

Atamufotokozera kuti achoka ku Blantyre, athira mafuta odula, kudzangoyenda m'mitengo kuti mtima ukhale pansi, mayiyo sanaseke. Anangosintha nkhata pang'ono. Iye m'nkhalangomo amalowa tambala atangolira, kangapo pa sabata, ndipo palibe anamuuzapo kuti akulandira mankhwala a ku Japan.

Pafupi ndi damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, panafika gawo lokumbatira mtengo. Amayi a mapemphero ataona anthu atseka maso anaganiza kuti nthawi yakwana, popeza kwathu kuno wokwera phiri amakhala akukasala kudya, ndipo anayamba kolasi. Bwana wina anakumbatira paini wamkulu kwa nthawi yaitali, tsaya litagunda khungwa, mpaka wotsogolera anagwetsa misozi poona munthu wagwirizana ndi chilengedwe. Bwanayo atatsegula maso anaitana mnzake. "Achimwene, manja anga sakukumana. Umenewu ungatuluke matabwa angati? Kudenga kwa nyumba ya ku Chileka kuja kukadali pamtunda."

Mafoni anazimitsidwa, inde, koma m'thumba mokha. Munthu ankati akatsalira kumbuyo ngati akuyang'ana gulugufe, kwinaku dzanja lili m'mwamba kusaka netiweki. Pa Emperor's View, pamalo otchedwa choncho pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia, chigwa chonse chinayala pansi mpaka ku nyanja ya Chilwa. Gululo linachipatsa nkhongo, n'kumajambulana. Madamu wina anajambulitsa kasanu ndi kawiri atatseka maso mwamtendere, akufunsa ndi pakona pa mlomo ngati nsapato zikuoneka.

Kupuma kwenikweni kunabwera pa nthawi yotsatsa malonda. Anyamata ogulitsa mastiroberi m'mbali mwa msewu anatchula mtengo, ndipo anthu amene amati BP yatsika anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Anagula atachotsetsa pang'ono, aliyense akumva kupepukidwa m'thupi.

Pobwerera, dzuwa litapendeka, galimoto yoyamba inaima mwadzidzidzi pa msewu wa Zomba. Zinazo zinaima pambuyo pake. M'mbali munali njinga zitatsamira matumba a makala, ndipo aliyense amadziwa kuti kuno ndi otsikirako kusiyana ndi m'tauni, komanso magetsi sadalirika. Bwana wa matabwa uja anagwedeza thumba, kumvetsera kulira kwake, n'kufunsa ngati ali a mtengo wachilengedwe, chifukwa a paini sachedwa kunyeka. Anakweza matumba awiri. Wa sopo uja anayala thaulo lake pampando kuti lachitatu lisadetse.

Analowa mu Limbe kukuda, phiri la Ndirande lili mbee ngati mutu wometedwa mpala. Usiku womwewo zithunzi zinadzaza pa Facebook, ndipo gulu linagwirizana kuti ulendo wotsatira ukhale wa ku Mulanje, akanunkhize mkungudza.

Lolemba m'mawa mayi wa ku Chilomoni uja anaona neba wake akutuluka pageti, nkhope ili ngwee, akuimba mluzu. Anaitana mwamuna wake pawindo.

"Bambo a Junior, tabwerani mudzaone. Agwira ntchito mankhwala aja."