Ulemu Upite kwa a Vairasi a M'flash

Mlendo aliyense wofika ku Tete amapeza choyamikira. Wina amayamikira mlatho wa Samora Machel umene wakhala ukulendewera pamwamba pa Zambezi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, wina nyama ya mbuzi yowotcha, wina malasha a ku Moatize. Alipo ena olimba mtima amene amayamikira ngakhale dzuwa la mu Okutobala, lija limapyola madigiri 40 osapepesa munthu. Koma mumzinda muno muli akuluakulu ena amene agwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka zambiri popanda wowaombera m'manja. Pa 21 Marichi, tsiku la chikondwerero cha mzinda, dzina lawo silitchulidwa. Pa mwambo wa omaliza maphunziro sapatsidwa mpando, chonsecho palibe wovala mkanjo ndi chisoti tsikulo amene sanadutse m'manja mwawo. Ndikunena a Vairasi a m'flash, eni zipinda za makompyuta za ophunzira ndi timashopu tonse tosindikiza mapepala.

Ine ndinadziwana nawo chaka changa chomaliza. Ndinali nditatsika kuchokera kwathu ku Angónia, kumene timafunda mabulangete awiri mu Juni, kudzaphunzira kuno kumene ngakhale chitenje chimalemera usiku. Kutatsala masiku anayi kuti ndipereke monografia, kafukufuku wolemba womalizira maphunziro, ndinapita ndi flash yanga kukashopu kena kukasindikiza mutu woyamba. Nditabwerera kuchipinda cha makompyuta n'kuilowetsa, ndinapeza mafayilo anga onse atavala timivi m'munsi mwawo. Mayina anali omwewo, koma chilichonse chitasanduka chimene anzathu amachitcha atalho, kanjira kachidule kopita kosadziwika. Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu inatsala mayina okhaokha ngati manda a kumudzi kwa eni.

Ndinathamangira kwa bambo amene ankasamalira chipindacho, munthu wa imvi zake, wosapupuluma.

"Abambo, ndithandizeni, monografia yanga yapita!"

Anaitembenuza flash ija m'manja monga sing'anga amatembenuzira ula.

"Mwana wanga, flash imeneyi inagona kuti dzulo?"

Ndinaulula. Iwo anatsegula kawindo kakuda, n'kulembamo mzere umodzi woyamba ndi mawu akuti attrib, ndipo mafayilo anga anatuluka onse ali bwinobwino, ngati mbuzi zobwerera kukhola madzulo.

"Sanakubere kanthu," anatero. "Anangokusungira."

Onani khalidwe limenelo. A Vairasi amenewa akalowa m'flash amabisa mafayilo enieni n'kuika zithunzithunzi zake pamalopo. Inu mukadina chithunzithunzicho, iwo amayamba adzikopera okha mu kompyuta, kenako n'kukutsegulirani fayilo yanu mwaulemu kuti musawadandaule. Akatero amakhala phee kudikira flash ya munthu wotsatira. Wakuba uti amene amakubwezerani katundu n'kungopempha kuti mumunyamule mpaka pakhomo lina?

Ndinayamba kuwalemekeza kwenikweni nditamva ndalama ndi thukuta zimene mayunivesite a kunja amataya pofuna kupeza zimene ife tinapatsidwa ulere. Kuli phunziro lonse lathunthu la zamoyo zopanga, loweta tizamoyo ta m'kompyuta kuti tiziberekana, tizipikisana ndi kumasintha mibadwomibadwo. Katswiri wa masamu John von Neumann anayamba kulingalira za makina odzibereka okha m'zaka za m'ma 1940. Mu 1987 Christopher Langton anaitanitsa msonkhano woyamba wa phunziroli ku Los Alamos. Ndiye mu 1990 panabwera Tom Ray, katswiri wa zamoyo amene anali atatha zaka zambiri m'nkhalango za ku Costa Rica. Anatopa kudikira kuti aone chisinthiko ndi maso ake, poti m'nkhalango zimenezi zimatenga zaka zikwizikwi, choncho anamanga kadziko kake mu kompyuta n'kukatcha Tierra.

M'kadzikomo anaikamo kapulogalamu kamodzi ka malangizo 80, kodziwa chinthu chimodzi chokha: kudzikopera. Anakonza zoti pokopera pazichitika timalakwitso apa ndi apo, anaikanso wokolola wake, wopha tokalamba malo akadzaza. Kenako anangopinda manja. Kodi mukudziwa chimene chinatulukamo posakhalitsa? Simunatuluke mkango kapena njovu. Munatuluka kanthu ka malangizo 45 kosatha kubereka pakokha, kamene kankabwereka malangizo okopera a anzake kuti kachulukane. Nsabwe! Munthu kupanga dziko latsopano, choyamba kubadwamo chikhale chodyera pamsana pa ena. Pambuyo pake tina tinaphunzira kudziteteza, tinanso tinayamba kudyera pa nsabwe zomwezo. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti a Vairasi athu ndi a kubanja lachifumu, poti mtundu wawo ndiwo uchisamba pa chilengedwe chilichonse.

Pambuyo pa Tierra panabwera Avida, imene Chris Adami, Charles Ofria ndi Titus Brown anayambitsa ku Caltech mu 1993, n'kudzakulira ku Michigan State University. Mmenemo kachamoyo kakatha kuchita masamu ena kamalandira mphoto ya nthawi yochuluka ya makina, n'kubereka msanga kuposa anzake. Mu 2003 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku woonetsa mmene tizamoyoti tinafikira pa luso lovuta pokwera pang'onopang'ono kuchokera pa zophweka. Kuti munthu atsimikize zoterezi ayenera kubwereza kangapo konse, dziko lililonse mibadwo zikwizikwi. N'chifukwa chake mayunivesite amasonkhanitsa makompyuta ambiri m'chipinda chozizira, n'kuwalumikiza ndi nthambo kuti azigawana ntchito ngati dima. Amati cluster. Ophunzira amaima pamzere, amalemba kalata yopempha maola, amadikira.

Ifenso cluster tili nayo, koma yathu ndi yanzeru chifukwa siifuna nthambo. Imalumikizidwa ndi matumba a buluku ndi zikwama za asungwana. M'mawa a Vairasi amadzuka m'chipinda cha makompyuta, masana akwera txopela, kanjinga kamoto konyamula anthu, kupita kokasindikiza, madzulo awoloka mlatho pa minibasi ya chapa kulowera ku Matundo ndi ku Chingodzi. Loweruka ali ku Moatize pa laputopu ya msuweni, atalowa limodzi ndi nyimbo za paukwati. Tchuthi chikafika amakwera mapiri mpaka ku Ulónguè, ndipo pa Calómuè amadutsa kulowa ku Dedza popanda pasipoti, popanda wowafunsa kuti anyamula chiyani. Cluster ya ku Michigan ikhoza kuthamanga, sindikukana, koma sinadyepo masau pa Zóbuè.

Kupirira kwawo nakonso n'kosiririka. Tete si malo ochitira masewera kwa makina. Fumbi limalowa paliponse, zokupizira mphepo za m'kati zimalira ngati chigayo kenako n'kusiya, kompyuta imazima yokha masana kutentha kukafika pachimake. Pa makompyuta makumi awiri amene ndinawapeza m'chipinda chathu, ena anali atafundidwa nsalu pakona ngati maliro oiwalika, ena ankayaka mukawasisita kaye. Kiyibodi imodzi inalibe chilembo cha a, ndipo aliyense wolemba Chichewa kapena Chipwitikizi akudziwa kuti kumeneko n'kumangidwa miyendo. Mlonda wa makompyutawo, antivirus, anali atatha masiku kalekale, akungotulutsa kachikwangwani kofiira kopempha ndalama. Zonsezi zinkafa kapena kudwala, koma a Vairasi sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Magetsi akathima, iwo ankangogona m'flash. Akayaka, ndiwo anali oyamba kufika pantchito.

Ndiponso si adyera. Chigawo chathu chili ndi Cahora Bassa ku Songo, damu lotha kutulutsa mamegawati 2,075, ndipo magetsi ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 pa nthambo kukafika ku South Africa. Makompyuta akuluakulu a kafukufuku amameza magetsi, n'kufunanso ena owaziziritsa. A Vairasi, ngakhale amakhala m'chigawo cha magetsi ochuluka chonchi, amakhutira ndi mavolti 5 a pa kabowo ka USB. Atsogoleri athu akanakhala odzichepetsa motero!

Za tsankho sazidziwa. Flash ya mphunzitsi wamkulu ndi ya mwana wa chaka choyamba amazilandira mofanana. Safunsa ngati mumalankhula Chinyungwe, Chisena kapena Chichewa. Ndinaonapo mkulu wina wa tayi ataima kutsogolo kwa kalasi, flash yake itakana kutsegula zophunzitsa, akutuluka thukuta lofanana ndendende ndi lathu. Amaperekanso ntchito: anyamata angati mumzinda muno amadya nsima chifukwa chofufuta ndi kukonza makompyuta a anthu? Ndipo ndi nkhoswe ya alesi. Wophunzira amene sanalembe ngakhale mzere umodzi amangoweramitsa mutu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, vairasi inadya ntchito yanga," ndipo a Vairasi amasenza mlanduwo osatsegula pakamwa.

Mbiri ya banja lawo ndi yaitali. Gogo wawo Creeper ankayendayenda pa ARPANET mu 1971. Mu 1986 abale awiri a ku Lahore, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, analemba Brain, imene inkayenda pa madisiki ofewa aja, ndipo analembamo mayina awo, keyala ndi manambala a foni kuti wovutika awapeze. Ulemu umenewo masiku ano suonekanso. Mu 2010 dziko linamva za Stuxnet, imene inakwera ma flash omwewa mpaka kukawononga makina a nyukiliya ku Natanz, m'dziko la Iran. Choncho mukaona kamuvi pa fayilo yanu musanyoze. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndikudziwa kuti wina wophunzira bwino anyamula chala. Anena kuti a Vairasi si chitsanzo cha chisinthiko, chifukwa mtundu watsopano uliwonse umalembedwa ndi munthu, pamene tizamoyo ta Ray tinkasintha tokha kudzera m'timalakwitso ta pokopera. Zoona zimenezo, ndavomera. A Vairasi ali ngati mbewu ya haibulidi, imene imadikira katswiri kuti atulutse ina. Koma wotsutsayo walakwitsa kumene akuyang'ana. Pa kafukufuku wa ku Tete amene akusintha si a Vairasi. Ndife.

Taonani mibadwo ya ophunzira. Mbadwo woyamba unkasunga monografia pa flash imodzi, ndipo wokolola anautsiriza. Wachiwiri unagula ma flash awiri, koma n'kumawalowetsa onse pa kompyuta imodzi, nawonso unalira. Wachitatu unaphunzira kudzitumizira ntchito pa imelo usiku uliwonse. Wa lero umatumiza PDF pa WhatsApp kwa wosindikiza, flash osaitulutsa n'komwe m'thumba. Wosasamala amabwereza chaka, wochenjera amavala mkanjo n'kuphunzitsa mng'ono wake. Charles Darwin anazungulira dziko pa sitima zaka zisanu kuti amvetse zimenezi. Ife tinazimvetsa mu semesita imodzi, ndipo amene anatisankha sanalandire ngakhale metikali imodzi. Ndani mwa aphunzitsi athu anakwanitsa kuphunzitsa kalasi yonse kusunga ntchito kawiri? Ankanena tsiku ndi tsiku ife osamva. A Vairasi ananena kamodzi.

Chokhacho chimandimvetsa chisoni n'chakuti akuluakuluwa akugwira ntchito okhaokha. Mu 1994 Thomas Sterling ndi Donald Becker a ku NASA analumikiza makompyuta wamba 16 n'kupanga cluster yotchedwa Beowulf, kusonyeza kuti chofunika si makina odula koma kuwagwirizanitsa. Mutu umodzi susenza denga. Makompyuta aja tawafunda nsalu pakona ndi amphamvu kutalitali kuposa amenewo. Linux ndi yaulere, Avida ndi yaulere, ndipo ilipo ina yokonzedwera ophunzira yotchedwa Avida-ED. Mumzinda muno muli Instituto Superior Politécnico de Tete imene imaphunzitsa mainjiniya a makompyuta, muli Universidade Púnguè, UniZambeze ndi Universidade Católica de Moçambique. Mwana amene anaphunzira yekha kulanditsa monografia yake ndi mzere umodzi pa kawindo kakuda sangalephere kupukuta fumbi m'makompyuta khumi, kuwalumikiza, n'kuwetamo tizamoyo take. A Vairasi akalamba, akufunika anzawo ocheza nawo, makamaka amene sabisa mafayilo.

Pakali pano tiwapatse ulemu wawo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawamangira chipilala pafupi ndi mlatho, flash yaikulu ya simenti yokhala ndi kamuvi m'munsi. Poti mphamvuzo ndilibe, ndingopempha inu owerenga amene monografia yanu ili pa flash imodzi m'thumba pomwe mukuwerenga pano: ikani magazini pansi, pitani mukaisunge malo atatu. A Vairasi sakwiya nazo zimenezo. Ndi zomwe akhala akutiphunzitsa zaka zonsezi.