Ndawapatsa 5 pa funso lililonse

Sukulu yomwe ndikuphunzirako pa intaneti, kuti nane ndidzapume pa ntchito ndili ndi pepala looneka, yatitumizira mafunso. Akuti tiwauze ngati njira zolankhulirana ndi aphunzitsi m'pulogalamu yawo n'zosavuta. Afunsa munthu woyenera. M'chigwa chonse cha Henga, kuyambira kuno ku Mhuju mpaka ku Phwezi, palibe amene wakwera chulu kusaka netiweki kuposa ine.

Tiyambe ndi kabokosi kolembamo uthenga. Kwathu kuno munthu sungofikira pa nkhani. Umapereka moni, kufunsa za kunyumba, za mvula, ndiponso ngati fodya wagwira. Ndiye ndi chala changa chozolowera mpini wa khasu, pomwe ndikumaliza kulemba kuti "Mwawuka uli, asambizgi," anzanga a ku Lilongwe afunsa kale, ayankhidwa, ndipo aphunzitsi akutsanzika.

Palinso kabatani kokwezera dzanja. Ndidakadina tsiku loyamba, ndipo kotsitsira ndikadakafunafuna. Dzanjalo lili m'mwamba mpaka lero, moti aphunzitsi amanditama kuti ndine wakhama. Za maikolofoni, ndikafuna kuyankha funso imakhala yotseka. Idatseguka tsiku lomwe mayi a kunyumba adakuwa kuti, "Abambo, tsikani pachulupo, mbuzi zanu zalowa m'dimba la eni ake!" Amenewo ndiwo mawu okhawo ochokera ku Mhuju omwe kalasi yonse idamva bwinobwino, ndipo wina wa ku Zomba adafunsa kuti mbuzizo zilipo zingati.

Sindikunyoza opanga zinthuzi. Martin Dougiamas, yemwe adatulutsa Moodle mu 2002, pulogalamu yomwe mayunivesite ambiri amaphunzitsira, adakulira kuchipululu cha Australia ndipo sukulu ankaphunzira pa wailesi. Ameneyo za kutalikira amazidziwa. Kunonso Malawi Correspondence College idayamba mu 1965 kuphunzitsa anthu kudzera m'makalata. Koma kalata inali ndi malo a moni, ndipo sinkaulula za mbuzi za munthu.

Tsopano mafunso aja. Alipo khumi, ndipo pa lililonse umasankha pakati pa 1, kutanthauza kuti wakanitsitsa, ndi 5, kutanthauza kuti wavomera ndi mtima wonse. Ine ndidaleredwa bwino. Mlendo akapatsidwa nsima sanena kuti ili ndi mibulu. Ndidalemba 5 kuyambira pamwamba mpaka pansi, osataya nthawi n'kuwerenga, chifukwa bandulo inali kutha.

Mwana wa mlongo wanga, yemwe amaphunzira zamakompyuta ku Mzuzu, ataona adagwira pakamwa.

"Asibweni, mwawerenga koma?"

Adandifotokozera kuti mafunsowa amatchedwa System Usability Scale, ndipo adawakonza ndi John Brooke wa ku England mu 1986. Mkuluyu adali wochenjera: funso loyamba limatama chinthucho, lachiwiri limachinyoza, lachitatu kutama, choncho mpaka lakhumi, kuti agwire anthu ovomera zilizonse. Ndiye kuti ine ndidalumbira kuti pulogalamuyo ndi yosavuta, n'kulumbiranso kuti ndi yovuta kwabasi. Ndidavomera kuti ndimaigwiritsa ntchito molimba mtima, komanso kuti popanda katswiri pambali panga sindingathe. Ndidamuuza kuti zonsezo n'zoona, zimangotengera tsiku ndi komwe mphepo ikuchokera.

Iye adawerengera. Malikisi anga adakwana 50 pa 100, pomwe akatswiri amati chinthu chapakatikati chimapeza 68. Ulemu wanga wonse uja, ndawalepheretsa mayeso anthu osalakwa.

Ndidapempha kuti tiyankhenso. Ulendo uno ndidati ndisakhumudwitse aliyense, ngakhale a Brooke, choncho ndidalemba 3 paliponse. Mnyamata uja adawerengeranso, n'kundipatsa foni osalankhula. Inali 50 yomweyo.