Nyengo ya ku Kwekwe, pamwamba ndi pansi pa nthaka

Kwekwe ili pakatikati pa msewu wa Harare ndi Bulawayo, m'chigawo cha Midlands. Inamera pa golide wa mgodi wa Globe and Phoenix, ndipo dzina inatengera kwa mtsinje wa Kwekwe, umene ena amati unatchedwa choncho chifukwa cha kulira kwa achule. Achulewo tikumana nawo kutsogoloku. Amalawi ambiri anafika kuno ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena wapansi, n'kutchona. Zidzukulu zawo zadzaza ku Amaveni, ku Mbizo ndi ku Torwood.

Juni wa kuno saseka ndi munthu. M'mawa wina mdzukulu anapeza agogo ake, mtchona wa ku Dedza, atakhala panja opanda jekete.

“Agogo, valani, mudwala.”

“Iwe, uku n'kuzizira? Kuzizira kuli kwathu ku Dedza. Kuno n'kamphepo chabe.”

“Nanga mbaulayo mwaikumbatiranji?”

“Ndikulondera makala. Akuba achuluka.”

Ku Dedzako anachokako Kamuzu asanabwere, koma nyengo yake amaidziwa mpaka ya dzulo.

*

Okutobala akafika, phula limafewa, agalu amasiya kuuwa. Mlendo wina atatsika basi anafunsa mnyamata wokumba golide, awa amati makorokoza: “Achimwene, kodi kuno kumatentha chonchi masiku onse?”

“Pepani bambo, sindingadziwe. Ndimatsika kusanache, ndimatuluka kutada. Za dzuwa funsani akazi anga.”

“Nanga mvula mumaidziwa bwanji?”

“Ikafika m'chiuno.”

*

Alendo amapita kukaona Paper House, nyumba ya mu 1894 yomwe inamangidwira bwana wa mgodi. Makoma ake ndi a mapepala ndi waya, koma idakaimabe. Mayi wina atachoka kumeneko anakafikira kwa mmisiri amene anam'mangira nyumba ku mapuloti atsopano. Khoma linali litang'aluka ndi mvula yoyamba ya Novembala.

“Amisiri, ya mapepala yatha zaka zoposa 100. Yanga ya njerwa yalephera chaka chimodzi. Simenti ija inalowamo?”

“Mayi, simenti inalipo ndithu. Ndinaiona ndi maso angawa ikudutsa.”

*

Redcliff, pafupi pomwepa, inkadalira fakitale ya zitsulo ya Zisco, yomwe ng'anjo zake zinazima mu 2008. Madzi amachita kugula ku khonsolo ya Kwekwe, yomwe imatunga ku damu la Sebakwe, ndipo ngongole ikakula mipope imangotulutsa mpweya. Ndiye tsiku lina kunagwa chimvula, madzi n'kumakhuthuka padenga. Kamwana kanathamangira m'nyumba maso ali tong'o.

“Amama, bwerani! Walipira ndani?”

*

Tauni ya Kwekwe ikukula, anthu anapitirira kale 100,000, ndipo aliyense akufuna puloti. Ogulitsa malo amakonda Seputembala, pamene dambo ndi chitunda zimafanana. Mkulu wina anagula malo ake mwezi umenewo, atalonjezedwa kuti madzi ali pafupi. Mu Januwale anapita kwa wogulitsayo buluku atapinda mpaka m'mawondo.

“Akulu, achule akugona kusitingirumu kwanga!”

“Ndinati madzi ali pafupi. Ndinanama?”

“Nanga achulewo nditani nawo?”

“Amenewo musalimbane nawo, bambo. Ndi eni dzina la tauni. Inu ndinu obwera.”

Kwa mwana wa mtchona ngati iyeyu, amene makolo ake anakhala zaka zambiri ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo, yankho limenelo silinali lachilendo. Anangotsitsa buluku n'kumapita.

*

Koma chimene chimaopsa anthu a pafupi ndi mgodi wakale si mvula yochokera kumwamba ayi. Pansi pa tauniyi pali njira zokumbidwa zambirimbiri, zakale ndi zatsopano, ndipo nthaka ikakhuta madzi imatha kugumukira mkati. Zimenezi n'zosaseketsa, ngakhale eni ake amaseka nazo.

Akuti mayi wina atapakula anaima pakati pa khitchini n'kufuula kuitana ana: “Nsima yapsa!”

Pansi pa simenti panamveka mawu atatu aamuna: “Zikomo amayi, tingosamba m'manja.”