Mapepesedwe a ku Chicago

Mu 2024 munthu woleredwa bwino mumzinda wa Chicago anaphunzira kuti pali mafunso ena osafunsa. Ukakumana ndi mnzako atavala kapusi yakuda yolembedwa Sox, unkatha kumufunsa za ana, za msana, za lendi, ngakhale za mkazi amene anamuthawa chaka chatha, iye n'kumakuyankha bwinobwino. Koma kungoti, "Dzulo zatha bwanji kubwalo?" kumeneko kunali kusowa khalidwe. Za dzulo aliyense ankazidziwa kale, chifukwa zinali zomwe zija za dzana.

Mzindawu uli ndi matimu awiri a baseball, ndipo munthu sasankha yekha, amangobadwiramo. Kumpoto kuli Cubs, bwalo lawo Wrigley Field la 1914, makoma ake oyanga zomera, alendo ali piringupiringu kujambulitsa. Kumwera, ku South Side, kuli White Sox, ndipo anthu akumeneko amanena mosabisa kuti iwo amapita kubwalo kukaonera mpira, pomwe anzawo a kumpoto amapita kukaothera dzuwa. Sitima imodzi yomweyo, ya Red Line, imaima pa mabwalo onse awiri, choncho adaniwa amakhala mpando umodzi m'mawa uliwonse, mawondo atagundana, aliyense maso ali pa foni.

Baseball ndi masewera ankhanza kwa timu yofooka. Pa sizoni imodzi timu imasewera ka 162, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Seputembala. Kufanana mphamvu kulibe, amasewerabe mpaka wina agwe. Kutsitsidwa kupita ku ligi yaing'ono kulibenso, ndiye palibe chitseko chothawira manyazi. Wakwapulidwa lero, mawa uvalenso yunifomu, anthu alipirenso pageti. Mu 2024 White Sox inapambana ka 41 n'kugonja ka 121. Chiyambire 1901 palibe timu ya ligi yaikulu imene inagonjapo chonchi.

Pa masewera 25 oyambirira anapambana atatu okha. Nthawi imeneyo masapota anali adakali ndi mawu. "Sizoni ndi yaitali, achimwene." "Kukuzizira, manja sakugwira." "Dikirani ovulala abwerere." Ovulalawo analipodi. Luis Robert Jr., mnyamata wa ku Cuba amene chaka cha 2023 anamenya ma home run 38, anavulala m'chiuno sizoni itangoyamba. Yoán Moncada, wolandira madola oposa 20 miliyoni pachaka, anaoneka m'masewera 12 basi chaka chonse. Robert atabwerera mu Juni, anthu anazindikira kuti kumudikira kunali kokoma kuposa kumuonera. Anamaliza ndi ma home run 14.

Kutafunda, chifukwa cha kuzizira chija chinatha ntchito, ndipo nkhani inasamukira mometera tsitsi, momwe mwamuna amatha kulira anthu n'kumayesa kuti m'maso mwalowa tsitsi.

"Bambo, timete bwanji lero?"

"Chotsani lonse. Lotsalalo ndimalizula ndekha."

"Akuponya ndani madzulo ano?"

"Flexen."

Makina ometera ankayamba aima kaye. Chris Flexen sanali woponya woipitsitsa padziko, masiku ena ankaponya bwino ndithu, koma timu inagonja masewera 20 otsatizana amene iye anayamba. Akaponya bwino, omenya anzake ankaiwala ntchito ya chibonga. Omenya akadzuka, olowa m'malo mwake ankataya zonse kumapeto. Dzina lake linasanduka njira yaulemu youzira mkazi wako kuti madzulo ano uli ndi mpata woperekeza ana kwa agogo awo.

"Nanga uja wa 75 miliyoni?"

Apa ankanena Andrew Benintendi, amene anasaina mgwirizano wa zaka zisanu wa ndalama zimenezo, waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya timuyi. Miyezi yoyambirira mpira ankauona ukudutsa ngati suli wake. Wometa aliyense ku South Side anasanduka katswiri wa masamu, lumo kudzanja ili, foni kudzanja linalo, kugawa 75 miliyoni ndi nambala ya mipira imene munthuyo wamenya, kenako n'kuuza kasitomala kuti mtengo wometera wakwera ndi madola awiri ndipo asadandaule.

Chimene chinawawa kwambiri sichinali chipongwe. Chipongwe anthu a ku South Side amachidziwa, amakula nacho, ndipo kubweza amatha. Chinawapweteka ndi chifundo cha aneba. Sapota wa Cubs, amene timu yake inakhala zaka 108 osatenga chikho mpaka 2016, amene moyo wake wonse wakhala akusekedwa, anayamba kuyenda mwakachetechete muofesi ngati wafika pasiwa: mawu otsitsa, mutu wopendekeka, dzanja paphewa la mnzake. "Pepani, achimwene. Ifenso tinadutsamo. Mukafuna wocheza naye tilipo." Mu 2024 matimu awiriwa anakumana kanayi, Cubs n'kupambana konse, ndipo m'mawa mwake opambanawo ankabwera ndi madonasi kuntchito osatchula kanthu. Munthu ungamubwezere bwanji wakupatsa donasi? Unkangolandira, n'kudya, mtima ukuwira.

Panabukanso mwambo wina wachilendo, wosangalalira wosewera akamachoka. Kwina konse timu ikagulitsa katswiri masapota amatukwana. Kuno ankamufunira mafuno abwino, ena mpaka misozi. Dylan Cease anatumizidwa ku San Diego sizoni isanayambe, ndipo pa 25 Julayi anaponya masewera onse osalola womenya ngakhale mmodzi wa Washington kupeza hit. M'mabala a ku South Side anthu anawomba m'manja ngati ndi wawo. Kumapeto kwa mwezi womwewo Erick Fedde, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku ligi ya ku Korea n'kumaponya mwaulemu wake, anapita ku St. Louis pamodzi ndi Tommy Pham. Michael Kopech anapita ku Los Angeles Dodgers. Munthu amene mu Julayi anali m'timu yoipitsitsa, pofika kumapeto kwa Okutobala anali atatenga World Series. Amayi ena ankati mwanayo ankapemphera.

Amene ankamvetsa chisoni ndi wotsala, Garrett Crochet, woponya ndi dzanja lamanzere, mnyamata wamtali amene mpira wake omenya ankangoumvera m'glovu ya wowakha. Anagwetsa omenya 209 pa strikeout, anasankhidwa kupita ku All-Star, koma mbiri yake ya chaka inalembedwa kuti wapambana ka 6, wagonja ka 12. Theka lachiwiri la sizoni akuluakulu a timu ankamuchotsa msanga pofuna kuteteza mkono wake. Masapota anazolowera ndondomeko yake: fika nthawi yabwino, onera Crochet, akangotuluka iwenso nyamuka, sitima isanadzaze. Kungoti sitimayo sinkadzaza. Mu Disembala nayenso anapita ku Boston, anthu n'kupuma kuti mwana wa eni wapulumuka.

Kuyambira pa 10 Julayi mpaka pa 5 Ogasiti timu inagonja ka 21 motsatizana, kufanana ndi mbiri ya Baltimore Orioles ya 1988. Mwana wobadwa tsiku loyamba la mndandandawo anafika pochotsedwa chikuta, kuonedwa ndi azakhali onse, kuyamba kuzindikira mawu a mayi ake, timu ya bambo ake isanapambanepo. Anadzapambana pa 6 Ogasiti ku Oakland, 5-1, pamaso pa mipando yambiri yopanda anthu, poti Athletics nayo inali ikulongedza katundu kusamuka mumzindawo. Benintendi uja anamenya home run. Patangopita masiku awiri kochi Pedro Grifol anaona msana wa njira. Ku South Side anthu anagwirizana kuti bamboyo anapirira naye masabata onse aja akugonja, koma atangoyerekeza kupambana anamuthamangitsa. M'malo mwake munalowa Grady Sizemore, wosewera wakale wa Cleveland, amene azimayi ambiri anati angakhale timu isasinthe, pa TV pakuonekako bwino.

Pofika apa mzinda unali utapeza njira zolankhulira za timuyi popanda kutchula mpira. Kubwalo la timuyi, Guaranteed Rate Field, kunali chakumwa chatsopano, Campfire Milkshake, mkaka wa chokoleti wozizira, m'mphepete mwa kapu atamata zinyenyeswa za bisiketi, pamwamba ataunjika timaswiti tofewa toyera towauka pamoto, mtengo wake madola 15. Chimenechi ndiye chinali katswiri wa sizoni. Munthu akati, "Dzulo ndinali kubwalo," yankho laulemu linali, "Munamwa?" Akavomera, nkhani inkathera pomwepo, onse awiri ulemu wawo uli m'manja. Mumzinda umene kuthira ketchup pa hot dog ndi mlandu wokuchotsera ubale, abambo a ndevu zawo ankaima pamzere kudikira kapu ya mkaka wa ana, n'kumaijambula mosamala kuti bolodi la zigoli lisalowe m'chithunzi.

Ngakhale ogwira ntchito yolengeza zotsatira pa tsamba la timu pa X anafika potopa. Mu Seputembala anasiya kulemba manambala. Tsiku lina anangolengeza kuti timu inayo yapeza zambiri kuposa ife. Tsiku lina anauza anthu kuti wofuna zotsatira akadzionere yekha pa app ya ligi. Ndimawalemekeza anthu amenewo. M'bungwe lonselo ndi iwo okha amene ntchito yawo inkayenda bwino.

Kenako kunachitika zimene ndimaona kuti ndi pachimake pa khalidwe la m'tauni. Munthu akavutika kwambiri amayamba kufuna kuti mavutowo akhale ndi dzina. Mbiri ya kugonja ka 120 inali ya New York Mets ya 1962, ndipo iwo anali ndi chowiringula, inali timu yongoyamba kumene. White Sox inafika pa 120 ili ku San Diego pa 22 Seputembala, n'kubwerera kwawo kuti isewere masewera atatu otsiriza a pakhomo ndi Los Angeles Angels. Anthu amene anali atasiya kubwera kubwalo kuyambira Meyi anatulutsa majezi m'masutikesi. Ena anavala mapepala ogulira zinthu kumutu ataboola pa maso. Ena anabwera ndi ana kuti adzaone mbiri ikulembedwa, tikiti adzaisunge m'chikwama, tsiku lina adzauze zidzukulu kuti ine ndinalipo.

Timu inapambana.

Usiku woyamba inali kumbuyo mpaka chakumapeto, anthu atakonzeka kale mafoni m'mwamba, anyamata n'kutembenuza zinthu, 3-2. Masapota ena anakuwiza timu yawo yomwe, pabwalo lawo lomwe, chifukwa chopambana. Mawa lake anabweranso, timu n'kupambananso, 4-3. Tsiku lachitatu woponya anali Flexen, ndipo aliyense anati lero ndiye lero, munthuyu sanatikhumudwitsepo. Zinatha 7-0, Flexen n'kupeza chipambano chake choyamba chichokere mwezi wa Meyi. Bambo wina potuluka ankafotokozera mwana wake kuti m'moyo usamadalire munthu. Nyimbo imene inagwirizanitsa onse masiku atatuwo inali yopempha mwini timu, Jerry Reinsdorf, amene anaigula mu 1981, kuti aigulitse. Iye sanagulitse mu 2024.

Kugonja kwa nambala 121 kunakachitikira ku Detroit pa 27 Seputembala, 4-1, pamaso pa anthu a eni amene ankasangalala zawo chifukwa tsiku lomwelo Tigers inapeza malo m'masewera a chikho. Masapota a South Side anaonera pa TV, manja ali m'thumba, opanda tikiti yosunga. Ngati kuti chipongwecho sichinakwane, timu inapambananso masewera awiri otsalawo. Pa masewera asanu ndi limodzi omaliza inatenga asanu, ndipo mometera tsitsi munapezeka munthu wonena kuti anyamatawa akungofunika nthawi. Anamumeta mbali imodzi n'kumuuza kuti magetsi avuta.

Chitonthozo chinachokera kumene palibe ankayang'anako. Pa 8 Meyi 2025 ku Vatican kunatuluka utsi woyera, ndipo Papa watsopano, Leo XIV, anali Robert Prevost, wobadwira ku Chicago n'kukulira ku Dolton, kumwera kwa mzindawo. Dziko lonse linkafunsa maganizo ake pa nkhondo ndi umphawi. Chicago inafunsa funso limodzi lokha. A Cubs, mwachizolowezi chawo, anathamangira kulemba pa chikwangwani chachikulu cha pa Wrigley Field kuti Papayo ndi wawo. Mchimwene wake, John Prevost, anauza atolankhani kuti ayi, munthuyo ndi wa Sox kuyambira ali mwana. Posakhalitsa anthu anafukula kanema wa masewera oyamba a World Series ya 2005, chaka chimene White Sox inakwapula Houston kanayi konse n'kutenga chikho, ndipo m'khamu la anthu munaoneka wansembe wa magalasi, nkhope ili gwa ndi nkhawa. Madonasi aja anayamba kuyenda mobwerera. Munthu wa ku South Side ankaika bokosi pa tebulo la mnzake wa Cubs, dzanja paphewa, mawu otsitsa: "Pepani, achimwene. Mwina Papa wotsatira."

Sizoni ya 2025, ili ndi kochi watsopano Will Venable komanso Papa wovala kapusi yake pa bwalo la St. Peter, White Sox inagonja ka 102. Ku South Side anachotsera pa 121, anapeza 19, ndipo mpaka lero akukangana kuti mwa 19 amenewo angati ndi a kochi, angati ndi a ku Roma.